Chimenecho n'chambewu: mbiri ya mbewu za kuseri kwa nyumba

Sabata ino tiyeni tilowe kaye m'khitchini. Sindikunena ya matailosi ayi, koma ija ya udzu, yakuda bii ndi mwaye, imene mukalowamo mumatuluka maso ali psuu. Ngati munakulira kumudzi, kapena munkapitako pa holide, kumbukirani zimene zinkakhala kudenga, pamwamba pa mafuwa. Chimanga chamakoko chomangidwa chiwirichiwiri chikulendewera pamtanda. Ngala za mapira. Chipanda chotsekedwa ndi chitsononkho, m'kati muli nthanga zosakaniza ndi phulusa. Pambali chikwatu cha mfutso. Mwana ukangoyerekeza kutambasula dzanja kuti uthyoleko chimodzi ukakazinge, mawu ankachokera kumbuyo: "Iwe! Chimenecho n'chambewu."

Mawu amenewo sankafuna kubwereza. Ngakhale mu February, nkhokwe itayera, ana akugonera maungu osakhwima, chapadenga chija sichinkakhudzidwa. Banja likafika podya mbewu, mudzi wonse unkadziwa kuti pakhomopo zafika poipa.

Mwezi wathawu tinapita kumudzi kukagwetsa khitchini ya malemu agogo anga aakazi, imene inayamba kupendama. Anatisiya zaka 4 zapitazo. Posasula denga, mlongo wanga anapeza botolo lakale la Sobo litasomekedwa pakati pa nsungwi, kukamwa kwake kotsekedwa ndi kansanza. M'kati munali nzama zakuda ndi nthanga zochepa, zonse zotuwa ndi phulusa. Pabwalo panali anthu akuluakulu 6, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatha kunena kuti nthangazo n'za dzungu la mtundu wanji. Botolo limeneli ndi limene landilembetsa nkhaniyi.

Tiyambe ndi zimene zingakhumudwitse ena a inu. Chimanga chimene timachitcha chamakolo n'chobwera. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Chinaoloka nyanja pambuyo pa ulendo wa Columbus wa mu 1492, n'kufika m'magombe a Africa pa zombo za Apwitikizi, omwe pofika zaka za m'ma 1530 anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete mumtsinje wa Zambezi. Dzina lenilenilo likuulula: akatswiri ena amati mawu oti chimanga amatanthauza chinthu chochokera kugombe, kwa amalonda a kunyanja yamchere. Ndipo sichinabwere chokha. Maungu, nyemba, mtedza, chinangwa, mbatata, tomato, tsabola ndi fodya, zonsezi kwawo ndi ku America. Tangoganizani mbale ija timanyadira tikakhala kunja: nsima ya ufa woyera, nkhwani wotendera, katomato, kambuzi pambali. Mwa zonsezo, chakwathu ndi madzi, mchere ndi manja a wophika basi.

Eni nthaka ndi ena, ndipo ambiri timawayang'anira pansi. Mapira, mawere, mchewere, khobwe, nzama, mavwende, mphonda, zipwete: izi ndi mbewu za mu Africa muno. Nandolo anachokera ku India. Nsima imene ankadya makolo a makolo athu, chimanga chisanafike, inali ya mapira ndi mawere. Ngakhale mu 1859, pamene David Livingstone ankadutsa m'midzi ya Amang'anja ku chigwa ndi kumapiri a Shire, mbewu imene anaiika patsogolo pofotokoza minda yawo inali mapira. Anatchulanso mawere, nyemba, mtedza, maungu, chinangwa, mbatata, mpunga, thonje ndi fodya. Chimanga chinalipo, koma chinali chimodzi mwa zambiri. Ufumu wake umene tikuuona lerowu unakhwima m'zaka za m'ma 1900, dzulodzuloli.

Nanga bwanji tikuchitcha chamakolo? Kodi ndi bodza? Ine ndikuti ayi, ndipo apa ndi pamene pali nkhani.

Mbewu ikafika pamalo siikhala mmene inabwerera. Chaka chilichonse pokolola, mayi amaika pambali zitsononkho zimene zamusangalatsa. Amasankha chamaso olimba ngati mwala, chifukwa akachikonola mumtondo gaga amachoka bwino, mphale n'kutsala yathunthu, yosaswekasweka. Amasankha chimene makoko ake atseka mpaka kunsonga, chifukwa anankafumbwe ndi mvula sizilowa. Amasankha chimene ufa wake ukaviikidwa n'kuyanikidwa umayera mbee, nsima yake n'kumakoka. Chitani zimenezo chaka ndi chaka, mayi kusiyira mwana, mwana kusiyira mdzukulu, kwa mibadwo 10 kapena kuposa, ndipo mudzapeza kuti mwapanga chimanga china, chogwirizana ndi mtondo wathu, nkhokwe yathu ndi lilime lathu. Ku sukulu ya zaulimi ntchito imeneyi ili ndi dzina lake ndipo anthu amatengera madigiri. Kumudzi inkangotchedwa kusankha mbewu. Maina ngati kagolo, kanjerenjere ndi bantamu anatuluka m'ntchito imeneyi, ndipo palibe chikalata chimene chinalemba dzina la mayi ngakhale mmodzi mwa amene anaigwira.

Ndi maungu n'chimodzimodzi. Dzungu likakoma, lofumbutuka ngati mbatata, agogo ankati nthanga zake zisakazingidwe. Lamadzimadzi, nthanga zake zinkathera m'chiwaya. Mlandu unkaweruzidwa pamphasa pomwepo, anthu akudya.

Mbewu zinkayendanso ndi anthu. Kumene kuli chikamwini, mkazi amakhala pamudzi pa amayi ake, choncho nzama ndi khobwe za mbumba imodzi zinkatha kukhala pamalo amodzi zaka zambirimbiri. Wopita kuchitengwa ankanyamula zake pakansalu. Wochokera kumaliro kutali ankabwera ndi nyemba zachilendo kumpango. Amuna obwera ku Joni ndi ku Halale sankangobweretsa njinga ndi majekete okha. Mukadzaona nyemba za mtundu wachilendo m'mudzi, funsani bwino, nthawi zambiri kumbuyo kwake kuli ukwati kapena ulendo.

Ndiye palinso ndiwo zija zimene sizidzalidwa kwenikweni komanso si zakutchire: bonongwe, luni, chisoso, denje. Zimamera zokha pachulu, pakhola lakale, m'mphepete mwa mizere. Koma onetsetsani mayi akupalira: khasu limadumpha luni. Amasiyanso mitengo iwiri itatu ya bonongwe kuti ichite njere zigwere pomwepo. Kumeneko n'kusunga mbewu ndithu, kungoti nkhokwe yake ndi dothi. Mu 1938 boma la atsamunda linayambitsa kafukufuku wa kadyedwe ka anthu m'midzi ya boma la Kota Kota, motsogozedwa ndi B. S. Platt. Mmodzi mwa ogwira ntchitoyo, Jessie Williamson, anapitiriza kulemba maina ndi ntchito za zomera, ndipo mu 1955 anatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, limene linadzatulukanso mu 1975 ndi dzina la Malawi. Mukalipeza mulaibulale litseguleni. Mudzapeza maina a ndiwo m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka amene mwina simunawamvepo, chonsecho agogo anu ankaziphika sabata ndi sabata. Dzina la pachikuto ndi la mzungu, koma nzeru zambiri za m'katimo anazipereka ndi amayi a m'midzi.

Njala ya mu 1949, imene inapweteka kwambiri anthu a ku Blantyre ndi madera ozungulira, ndiisiya kaye chifukwa ikufunika sabata yakeyake. Amene mukufuna werengani buku la Megan Vaughan la mu 1987. Chimene ndikufuna mugwire n'choti m'zaka zomwezo boma linayamba kulowerera pa nkhani ya mbewu. Malo a kafukufuku a Chitedze anatsegulidwa mu 1948, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ntchito yopanga mitundu yatsopano ya chimanga inayamba kumeneko. Ku Southern Rhodesia, mu 1960, anatulutsa SR52, haibulidi imene inatchuka dziko lonse lapansi chifukwa cha kubereka kwake. Chiyambire pamenepo, mawu oti mbewu anayamba kukhala ndi matanthauzo awiri: yapadenga ndi yam'pepala.

Nthawi ya Kamuzu uthenga unali umodzi pa wailesi, kwa alangizi ndi m'makalabu a alimi: dzalani mbewu zamakono, thirani feteleza, khalani achikumbe. Koma taonani zimene zinachitika. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, haibulidi anali asanafike ngakhale 10 pa 100 ya minda ya chimanga ya alimi ang'onoang'ono. Ena ankati Amalawi ndi osamva, okakamira zakale. Chifukwa chenicheni chinali mumtondo. Mahaibulidi a nthawiyo, monga MH12 ndi MH16, anali a maso ofewa, opindika pamwamba ngati dzino. Ukawakonola ankanyenyeka, ufa wambiri n'kupitira limodzi ndi gaga. Ukawaika munkhokwe, pofika mwezi wa October anankafumbwe achita phwando. Ndiye mabanja anapeza nzeru yawo: haibulidi ndi wogulitsa ku ADMARC, chamakolo ndi chodya pakhomo. Abambo ankamvera mlangizi, amayi ankamvera munsi, ndipo munda unkagawidwa pawiri.

Zinatenga zaka zambiri kuti a kafukufuku avomereze kuti amayi aja sankalakwa. Mu 1990 akatswiri a ku Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, anatulutsa MH17 ndi MH18, mahaibulidi olimbirako maso, okonoleka. Chaka chotsatira CIMMYT inatulutsa lipoti la Melinda Smale ndi anzake limene mutu wake unayamba ndi mawu a Chichewa oti chimanga cha makolo. Ine zimenezi zimandiseketsa pang'ono: sayansi inazungulira zaka zoposa 30 kuti ifike pamene agogo anu anali ataima kale ndi lichero m'manja.

Pano ndisanamizire kuti zakale zonse zinali zabwino, chifukwa ena a inu ndinu alimi ndipo mundigwira bodza. Chamakolo chimachedwa kucha. Chimatalika, mphepo ikaomba chimagwa. Pa feteleza yemweyo, haibulidi amabereka kuposa. Munda ukachepa, ana akachuluka, mvula ikayamba mochedwa n'kuduka msanga, mayi amene wasankha mbewu yocha msanga sanagulitse chikhalidwe, wapulumutsa ana ake. Amene timalemba za chamakolo tili m'tauni, ufa tikugula, tizisamala pakamwa.

Koma haibulidi ali ndi khalidwe limodzi limene linasintha zonse. Amapangidwa pokwatitsa makolo awiri osiyana amene kampani imawasunga. Mbewu yoyamba imabereka bwino, mapesi ofanana ngati asilikali. Mukasunga zokolola zake n'kudzalanso, ana ake amabalalika: wina wamtali, wina wamfupi, wina wosabereka, ndipo zokolola zimatsika. Si matsenga kapena chiwembu, ndi mmene chibadwa chimayendera. Koma zotsatira zake n'zoti mbewu imachoka padenga n'kupita kusitolo, ndipo chaka chilichonse imafuna ndalama. Kampani ya boma ya National Seed Company of Malawi inadzapita m'manja mwa Cargill, kenako Monsanto mu 1998, imenenso inagulidwa ndi Bayer mu 2018. Mbali ya boma mukuidziwa: chilala cha mu 1992, sitata paki mu 1998, njala ya mu 2002, makuponi kuyambira 2005, AIP mu 2020. Pulogalamu iliyonse inkabwera ndi kathumba ka mbewu, ndipo kathumba kalikonse kakafika, mtanda wa m'khitchini unkapepukirako. Nankafumbwe wamkulu uja, amene analowa m'dziko muno cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anamalizitsa nkhaniyo: nkhokwe zambiri zinatha, chimanga chinalowa m'matumba ndi mankhwala.

Kudimba ndi kuseri kwa nyumba kunachitikanso zomwezo, mwakachetechete. Repu, chayinizi ndi kabichi za m'timapepala zinatenga malo. Bonongwe ndi chisoso zinasanduka ndiwo zochititsa manyazi mlendo akabwera. Mwana wa ku sekondale ankati ndi zakudya za mbuzi. Katomato kaja ka pwetekere, komera kokha kudzala, kowawasa bwino mu therere, tinayamba kukazula ngati udzu. Lero a dokotala akatiuza za shuga ndi BP, tikuthamangira kumsika kukagula luni pamtengo woposa wa repu. Dziko ili!

Mwina mukuti, bwanji osangopita kumudzi kukatenga chamakolo? Pitani, koma dziwani kuti chimanga sichisunga mtundu chokha. Mungu umachoka kungayaye n'kuuluka ndi mphepo, ndipo ndevu iliyonse ya chitsononkho imalandira wake n'kubala diso limodzi. Munda wa chamakolo ukagundana ndi wa haibulidi, zimakwatirana, mwini afune asafune. Choncho chamakolo chambiri cha lero chili ndi magazi osakanikirana. Wofuna kusunga mtundu amadzala patali ndi minda ina, kapena amasiyanitsa nthawi yodzala kuti ngayaye zisatulukire pamodzi. Mbewu amaitenga pakati pa munda, osati m'mphepete, ndipo amaitenga ku mapesi ambiri. Mukatenga ku chitsononkho chimodzi chokha chifukwa chakongola, pakapita zaka zochepa mtundu umafooka, monga zimakhalira ndi nkhuku zokwerana pachibale. Maungu nawo amasakanizidwa ndi njuchi. Nyemba, khobwe ndi nzama ndiye zosavuta, chifukwa duwa lake nthawi zambiri limadzikwanira lokha. N'chifukwa chake nzama zakuda za agogo zinakhalabe zakuda zaka zonsezi. Luni muzithyola zikhokhombe zake zikayamba chikasu, zisanaphulike. Tomato mufinyire m'kachitini, asase masiku awiri atatu, mutsuke, muyanike pamthunzi. Ndipo zonsezi zimafuna kuuma kwenikweni. Utsi ndi phulusa za agogo zinkagwira ntchito imeneyo: kuumitsa ndi kuthamangitsa tizilombo. Ife a nyumba za malata ndi mbaula tilibe mwaye, ndiye botolo lotseka bwino, loikidwa pozizira, ndilo denga lathu.

Boma nalo lili ndi denga lake. Ku Chitedze kuli nkhokwe ya dziko ya mbewu, imene inakhazikitsidwa mu 1992, kumene mitundu ya mapira, mawere, nzama, khobwe ndi zina zotoledwa m'midzi imasungidwa m'mafiriji. Maiko a SADC ali ndi nkhokwe yawo pafupi ndi Lusaka. Kutali ku Svalbard, m'dziko la Norway, mu 2008 anatsegula ina m'kati mwa phiri, kumene mbewu za maiko ambiri zimagona pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Ndi ntchito yabwino ndipo tiziithokoza. Koma firiji imasunga njere yokha. Siisunga kuti kalongonda amafunika kuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi, apo ayi aledzeretsa banja lonse. Siisunga kuti dzungu ili ndi la nkhwani, ilo ndi lodya lokha. Nthanga za m'botolo langa zija zafika m'manja mwanga, koma dzina lake linapita ndi agogo.

Nkhaniyi yafikanso ku malamulo. Pamene ndondomeko ya dziko ya mbewu ya mu 2018 inkakonzedwa, ndipo kenako lamulo latsopano la mbewu la mu 2022, panali mkangano waukulu: kodi zimene mlimi wasunga yekha zizitchedwa mbewu, kapena ndi chakudya chabe? Kodi angazigulitse pamsika? Mbali ina inkati tiyenera kuteteza alimi ku mbewu zachinyengo, zija zopakidwa utoto n'kuikidwa m'mapepala okongola, ndipo vutoli lilipodi. Mbali ina inkati musatseke njira imene ikudyetsa dziko. Kafukufuku wa Shawn McGuire ndi Louise Sperling wa mu 2016, amene anachitika m'maiko 6 kuphatikizapo Malawi, anapeza kuti pafupifupi 90 pa 100 ya mbewu zimene alimi ang'onoang'ono amadzala sizichokera kwa makampani ayi, koma m'misika ya kumudzi, m'nkhokwe zawo ndi kwa anansi. Pa nzama, mawere, luni ndi maungu, ndani winanso angakugulitseni? Kampani siingapange phindu pa mbewu imene mukaigula kamodzi simudzabweranso.

Nthawi zina zotayidwazo zimadzabwerera ndi ulemu. Ku Dedza alimi ena sanasiye kudzala chimanga chofiirira chotchedwa mthikinya, ngakhale kuti anthu ambiri chimanga chachikasu amachikumbukira ngati cha chithandizo cha pa njala. Akatswiri a ku Chancellor College atachiyeza anapeza kuti chili ndi michere yambiri imene thupi limaisandutsa vitamini A, ndipo chinayamba kufalitsidwa m'maboma ena. Chikanakhala kuti mabanja aja anamvera aliyense wowauza kuti asiye zachikale, bwenzi palibe choti ayeze.

Ndipo taganizirani za March 2023. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, sanangotenga miyoyo ndi nyumba. Anatenganso mabotolo, zipanda ndi timatumba ta mbewu. Chithandizo chikabwera chimabweretsa chimanga ndi nyemba za m'pepala. Khobwe wa mbumba yakutiyakuti angabwerere pokhapokha ngati mwini wake anagawirako mchemwali wake wokwatiwa kutsidya. Akuluakulu aja ponena kuti kupatsa n'kuika, pa mbewu sankaphiphiritsa konse.

Tibwerere ku botolo. Mbewu ndi chamoyo, ndipo imafa pang'onopang'ono ngakhale isungidwe bwino. Imafuna kubwerera m'dothi zaka zingapo zilizonse. Nditafika nalo kuno ku tauni ndinachita zimene mlangizi aliyense angakuuzeni: ndinatenga nzama 20 ndi nthanga 10, n'kuzikulunga m'nsalu yonyowa, n'kudikira. Nthanga zonse 10 zinaola. Mwa nzama, zinamera 3. Ndinaziika m'thumba la simenti lodzaza dothi kuseri kwa nyumba ya lendi, pafupi ndi mpopi. Imodzi nkhuku ya aneba inaifukula tsiku lachiwiri, ndipo sindinayankhule kanthu chifukwa ndikanayamba kufotokoza akanandiona ngati wozungulira mutu. Ziwiri zilipo, ndazitchingira ndi neti yakale ya udzudzu, ndipo imodzi yayamba timaluwa tachikasu pansi penipeni pa masamba.

M'botolo mwatsala nthanga 14. Ndikuopa kuziyesa zonse nthawi imodzi. Ndi zazitali pang'ono, zoyera, m'mphepete mwake muli kamzere kokhuthala. Azakhali anga akuti akukumbukira dzungu la khosi lalitali, la mawangamawanga, limene agogo ankaliphika losasenda n'kuthira nsinjiro, koma sakutsimikiza ngati ndi lomwelo. Agogo anakulira cha kumalire a Ntcheu ndi Dedza. Ngati kwanu ndi kumeneko ndipo amayi kapena agogo anu akadali moyo, afunseniko dzina la dzungu limeneli mukawaimbira foni Lamulungu likubwerali, ndipo ngati ali nazo nthanga zake, ine ndili ndi nzama zoti tidzasinthane zikacha.